Mawu Awiri pa Fomu

Amayi ake a Chongo amati mwana wawo anaonongedwa ndi lamulo la boma. Bupe, mnzake wa Chongo wa mu ofesi ya mabilu pa chipatala china cholipira ku Kitwe, amakana. Iye amati lamulo linangovundukula pepala, chinamudya Chongo ndi kusowa womuuza.

Chongo ndi mwamuna wake Lombe anakhala zaka zisanu ndi ziwiri mwamtendere, koma opanda mwana. Lombe ankagwira ntchito ku mgodi, ndipo tsiku lolandira sankalephera kumugulira mkazi wake chikanda, chakudya chake chapamtima.

Kenaka boma linalamula kuti dzina la wodwala pa fomu ya inshuwalansi lizifanana ndi lomwe linalembetsedwa. Mafomu akale a nthambi zonse za chipatalacho anabwezedwa, ntchito yowakonza n'kugwera Chongo. Tsiku lina anaona nambala ya inshuwalansi ya mwamuna wake pa fomu ina. Wodwala anali Namukolo Sitali, wa ku sikelo ya amayi oyembekezera. Pa mzere wa ubale panali mawu awiri: mkazi wake.

Sanauze munthu. Sabata yonse ankadya yekha kuseri kwa ofesi, fomuyo ili m'chikwama. Kenaka anaphulika.

"Ba Lombe, Namukolo ndi ndani?"

"Za ku ofesi uzizisiya ku ofesi."

"Mimba ya miyezi isanu ndi iwiri! Ine ndiye fomu yolakwika yofunika kubwezedwa, eti? Kondwani, posachedwa muzitchedwa bashi uje, bambo wa mwana!"

"Ukadziwa zambiri ntchito ikuthera. Khala chete."

Lombe ankaganiza kuti akumuteteza. Chongo anamva ngati wavomera. Onse awiri anali ndi zifukwa zomveka, koma kukhala chete kwa mwamuna kunapatsa nsanje malo onse.

Keyala ya Namukolo inali pa fomu pomwepo. Loweruka m'mawa Chongo, ali mu yunifolomu ya chipatala, anapeza Namukolo akuchapa pakhonde.

"Inu ndinu mkazi wa Lombe?"

Namukolo anayang'ana yunifolomuyo, akuyesa kuti abwera kudzafufuza za inshuwalansi. Anayankha monga Lombe anamulangizira.

"Eya, mayi, ndine."

Chongo ananyamula mpando wachitsulo umene unali pafupi n'kumumenya nawo. Namukolo anapulumuka, koma mwana anafera m'mimba.

Zoona zinamveka m'khoti. Namukolo anali wamasiye wa mnzake wa Lombe amene anafera mu mgodi. Khadi lake la inshuwalansi litasiya kugwira ntchito, Lombe anamubwereka nambala yake, ndipo fomu sinkalola mnansi kapena bwenzi, koma mkazi basi. Woweruza anamupatsa Chongo zaka zisanu ndi zitatu. Chifundo chobisika chinali chitabala chilombo, ndipo analipira ndi amene sanabadwe n'komwe.

Patapita mwezi, loya anabwera ku ndende ndi pepala la apilo. Chongo analiwerenga mzere ndi mzere, monga anazolowera ku ntchito. Kenaka analibweza osasaina.

"Chigamulochi chilibe cholakwika choti tikonze," anatero, n'kuuza woyang'anira ndende kuti amubwezere mkati.