Khomo Losalembedwa pa Mndandanda

"Ukawauze amayi ako aang'ono kuti chikwangwani chawo chalowerera mbali yanga."

Tessa Kowalczyk anaika supuni pansi n'kuwayang'ana amayi ake, a Denise. Amayi aang'onowo, a Colleen, anali kuseri kwa khoma logawa nyumba yawo, khoma lopyapyala loti munthu akayetsemula uko, kuno umamupepesa. Koma uthenga unayenera kuyenda ndi miyendo ya Tessa.

"Amayi, mungokweza mawu pang'ono, akumvani okha."

"Ine sindiyankhula ndi munthu wofuna kutibwezera m'mbuyo zaka makumi asanu. Nyamuka."

Nyumbayo inasiyidwa ndi malemu agogo a Tessa, m'katauni kena ka ku Pennsylvania. Inali ndi makomo awiri, 214A ndi 214B, koma kapinga wa kutsogolo anali mmodzi. Chiyambireni misonkhano yokopa anthu, pachibale pawo amayi awiriwa sankamwerana madzi. Nkhani inali yochotsa pakati. A Denise ankafuna mtsogoleri woti ateteze ufulu wa amayi wosankha okha, a Colleen ankafuna woti ateteze mwana wosabadwa. Wina akakhoma chikwangwani pa kapinga, mnzake ankakhoma ziwiri. Pofika Loweruka limeneli, kutatsala masiku atatu kuti anthu aponye voti, zinalipo khumi ndi chimodzi.

Loweruka lililonse a Denise ankayenda khomo ndi khomo, foni kumanja. M'fonimo munali mndandanda wochokera ku chipani, wa nyumba zoti mwina eni ake angakopeke. Nyumba zodziwika kuti n'za mbali inayo mndandandawo unkangozidumpha, poti n'kutayirapo nthawi. A Colleen nawo anali ndi wawo wa papepala, wochokera ku gulu la ku tchalitchi. Aliyense ankanyadira makomo amene wagogoda ngati kuti kumwamba amalowera zimenezo.

Tessa anakawapeza a Colleen akupinda timapepala patebulo, ndipo anapereka uthenga uja mosakometsera.

"Ukawauze achemwali kuti kapingayo anadzala ndi bambo athu tonse," anatero osadzutsa n'komwe mutu.

"Bridget ali kuti?"

"Kuchipinda. Chimfine chija sichikumuchoka."

Chimfine! Tessa anakwera masitepe akukukuta mano. Bridget, mwana wa a Colleen, anali wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wamkulu kwa Tessa ndi zaka ziwiri. Mabedi awo anagundana mitu, khoma lili pakati, ndipo kuyambira ali aang'ono m'mawa uliwonse ankadzutsana pogogoda khomalo katatu. Milungu itatu yapitayo Bridget anamuuza Tessa kuti ali ndi pakati. Mnyamata wake atangomva anasiya kuyankha foni. Panalibenso wina wodziwa.

Anamupeza atadzipinda pabedi, nkhope itatuwa, buledi wa dzulo ali pambale osakhudzidwa.

"Iwe, uwauze. Sungangokhala chonchi osaonana ndi dokotala."

"Ndiuze yani?" anatero Bridget. "Amayi anga akangomva, mawa dzina langa lili kwa bambo mfumu, mpingo wonse ukundipempherera. Amayi ako akamva, makiyi a galimoto ali kale m'manja ndisanatsegule n'pakamwa pomwe. Onse awiri akudziwa kale choti ndichite. Mwini wakene ndiye sindikudziwa."

"Nanga ukagwa m'bafa ngati Lachinayi lija?"

"Ndidzadzuka. Koma iwe ukangoulula, usadzandiyankhulenso mpaka kalekale."

Tessa anatuluka mtima ukuwawa. Ankaopa kumutaya Bridget, komanso ankaopa kuti akapitiriza kukhala chete chinthu choipa chimuchitikira. Kunja kunali ntchito yake ya Loweruka ikumudikira, yosesa masamba amene mitengo inali itayoyola. Kusesa pakati pa zikwangwani khumi ndi chimodzi si ntchito, ndi chilango. Apa MAYI ASANKHE YEKHA, apo MWANA WOSABADWA NDI MUNTHU, masamba atakodwa m'timiyendo ta waya. Amati njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, koma pakhomo pano ankavutikanso ndi wosesa pa udzupo.

Waya wina unamukala pa katumba mpaka magazi. Basi zinamukwana. Anazula chikwangwani chimenecho, anazula chotsatira, anapitiriza osayang'ana kuti ichi n'cha yani, mpaka zonse anaziunjika chafufumimba pa mulu wa masamba.

Makomo onse awiri anatseguka pamodzi.

"Tessa, wapenga?" anakuwa a Denise.

"Mwamutuma ndinu, achemwali," anatero a Colleen. "Musanamizire kudabwa."

"Ndingamutume kuti azule ndi zanga zomwe? Uziganiza usanayankhule, iwe."

"Kuganizako munatenga nokha, eti? Pajatu anzeru m'banja muno ndinu."

Miyezi iwiri osayankhulana, ndiye mawu oyamba n'kukhala amenewa. Wina anatchula za amayi ofera m'zipatala, wina za makanda osalakwa, ndipo bambo wa nyumba yoyang'anizana nayo anazimitsa makina ake ouluzira masamba kuti amve bwino.

"Amayi," anatero Tessa, "mwagogoda makomo angati?"

A Denise anadabwa. "Mazana anayi. Bwanji?"

"Pa mndandanda wanuwo 214B ilipo?"

"Ikhalapo bwanji? Kumeneko n'kutaya nthawi."

"Inunso amayi aang'ono, tsiku lililonse muli pa makomo a eni. Khomo la m'mwambamu munagogodapo liti? Munthu sakudya, kusukulu wajomba masiku anayi, m'bafa akumalira moti ine ndikumamva kuseri kwa khoma. Nonse mukuti mukumenyera atsikana ndi ana. Atsikana ake ati? A pa zikwangwani?"

"Ndi chimfine," anatero a Colleen, koma mawu anali atachepa.

"Chimfine cha milungu itatu? Mukamufunse yekha, ine sindinena. Koma timapepala tanuto musiye pansi pompano."

A Denise anayang'ana foni yawo ngati akuiona koyamba, kenaka anaiponya m'thumba la jekete. A Colleen anatsogola, mkulu wawo pambuyo, Tessa kumapeto. Pa khomo la Bridget dzanja la a Colleen linakwera n'kuima m'malere. Amene anagogoda ndi a Denise.

Bridget anatsegula pang'ono. Maso ake anawadumpha amayi awiriwo n'kukamubaya Tessa.

"Ndinakuuza chiyani iwe?"

"Sindinaulule."

"Wangowabweretsa." Anapuma mozama, n'kuyang'ana pansi. "Ndili ndi pakati. Miyezi iwiri."

A Colleen anagwira khoma. Ndiye taonani chizolowezi kuipa kwake, pakamwa pawiri panatseguka nthawi imodzi.

"Usadandaule mwanawe, ndikudziwa chipatala china chimene…"

"Mawa lomwe tikaonane ndi bambo mfumu, ndipo mwanayo…"

Bridget anangoyamba kukankha chitseko kuti atseke, pang'onopang'ono, ngati munthu amene zomwe amayembekezera zachitikadi. Tessa anafuna kuwagwedeza amayi onse awiri mpaka mano agweremo.

A Colleen anatchinga chitsekocho ndi dzanja. Nkhani ya bambo mfumu sanaipitirize. Anakhala pansi pomwepo pakhomo, mayi wamkulu ndi diresi lake lokayendera anthu.

"Ndakhala chete, mwanangu," anatero. "Yankhula iwe."

A Denise nawo anakhala pansi pambali pa mng'ono wawo, mapewa atagundana poti mpata unali wochepa.

"Ndikuopa," anatero Bridget. "Sindikudziwa chomwe ndikufuna. Ndikungoopa basi." Analira kulira kwenikweni, ndipo Tessa anatsika n'kuwasiya atatu.

Lachiwiri amayi awiri aja anakaponya voti pa galimoto imodzi. Palibe anasintha maganizo, aliyense anachonga pake, ndipo pobwerera anakanganako pang'ono za njira yachidule. Lachitatu dziko lonse linali pa wailesi yakanema kumvera zotsatira za chisankho, ena akuvina ena akulira, koma iwo anali pa benchi ya kwa dokotala, Bridget ali pakati pawo. Zikwangwani zija zinakhalabe pa mulu wa masamba, mvula ikuzinyowetsa.

Zomwe Bridget adzasankhe Tessa sankazidziwa, chifukwa chiyambire Loweruka lija Bridget sanamuyankhule. Akakumana pakhonde ankangoyang'ana kumbali. Zinkamupweteka Tessa kuposa bala la waya lija, komabe sananong'oneze bondo. M'mawa uliwonse ankagogoda khoma katatu, kuseri kuli zii.

Lachisanu sanagogode, anali atatopa nazo. Akumanga zingwe za nsapato kuti azipita kusukulu, anamva kuseri kwa khoma a Colleen akufunsa ngati munthu akufuna dzira limodzi kapena awiri, ndipo mawu a Bridget anayankha kuti awiri. Kenaka pamutu pa bedi lake panamveka go, go, go.

Tessa analumphira pabedi ndi nsapato zomwe, n'kuyankha.