Wokhala M'chipinda Chakumapeto

Izi sindinachite kumva kwa munthu. Ndinalipo, ndipo achimwene anga, amene amaseka nkhani zotere, analiponso. Mukhoza kuwafunsa.

Amuna anga atamwalira, ndinaganiza zotenga ana anga awiri n'kukakhala m'nyumba yakale ya malemu bambo athu, kumunda. A ku ofesi ya mapulani anakana. Anati nyumba ikatha zaka zambiri yopanda munthu, malowo amasanduka munda basi, sungaikonze kapena kugonamo. Mwini famu yoyandikana nafe, amene ankafunitsitsa kulowetsamo thirakitala, anali atawalembera kale kalata yoti m'menemo mumangogona mileme. Sankanama. Koma ine ndinalibe kwina kolowera.

"Achemwali, tiyeni tiidzutse nyumbayi," anatero achimwene. "Woyendera nyumba wa ku ofesiko akabwera, aone ngati mumakhala anthu."

Tinasesa, tinapachika makatani, n'kuyanika zovala panja. Chipinda chakumapeto chokha ndicho sitinachikhudze. Denga lake linagwa kalekale, ndipo pakati pake panamera mtengo wa papaya. Tinangochitseka.

Woyenderayo anafika dzuwa lili paliwombo, mayi wamagalasi, faelo kukhwapa. Anatiuza kuti tidikire panja, n'kulowa yekha.

Titakhala pa udzu, mphepo inaleka. Nyenje zinangoti zii. Zikope zanga zinalemera, ndipo nyumbayo inkaoneka ngati ikuyandama m'madzi. Kenako kunabwera fungo la simbi yamakala ikudutsa pa nsalu yonyowa. Ife moto sitinakoleze.

Ndiye tinamva. Makina osokera. Kete-kete-kete. Kupuma. Kete-kete.

"Mukumva?" ndinanong'ona.

"Khalani chete," anatero achimwene.

Wina anaseka m'katimo. Chapansipansi. Sanali mayi wamagalasi uja.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yotani. Mthunzi wa nyumba unakwawa mpaka unatikhudza mapazi. Woyenderayo anatuluka akumwetulira ngati wodzuka kumene.

"Bulauzi yanga inakola pa msomali, ndiye andisokera," anatero, akutionetsa paphewa. Msoko wake unali waung'ono, wa ulusi woyera.

"Ndani?" anafunsa achimwene.

"Amayi a m'chipinda chakumapeto aja. Akuti sanachokepo ngakhale tsiku limodzi. Akungodandaula kuti mwachedwa."

Atapita, tinakatsegula chipindacho. Papaya yemweyo. Thambo pamwamba. Fumbi lili gwaa, lopanda phazi la munthu, ngakhale la woyenderayo.

Amayi athu sankasoka, ndipo bambo analibe mlongo. Tinafunsa achikulire onse a m'deralo, koma palibe amene ankakumbukira telala aliyense pakhomopo.

Patatha milungu itatu, kalata inabwera. Anatilola kukonza nyumba ndi kukhalamo. M'munsi mwake analembamo ndi dzanja kuti chipinda chakumapeto tisachigwetse, popeza muli wokhalamo. Mwini famu uja anabwera atalusa kuti adzaone yekha bodza lathu. Anafika pachitseko cha chipindacho, anavula chipewa, n'kubwerera. Sanalembenso kalata ina.

Tikukhalamo mpaka lero, ndipo timagona bwino. Kungoti nthawi zina masana, mwana wanga wamkazi akamayenda kulowera kukhitchini, amaima, n'kutsamira khoma, manja kumbuyo.

Tsiku lina ndinamufunsa kuti akuchitiranji zimenezo. Anandiyang'ana modabwa.

"Amama, ndimawapatsa njira. Inu mumangowagunda."