Petulo M'chitsime cha Mayi Reina

Tsiku limene ana a sukulu analavula madzi a bwemba a Mayi Reina, Dilcia analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo. Amayi akewo ankagulitsa chakumwacho pageti pa sukulu yake yomweyo, ndiye manyazi analibe kowathawira.

"Mayi Reina, mwatiyesa njinga zamoto?" anakuwa Wilmer, mnyamata amene pakamwa pake sipatsekeka ngakhale m'tchalitchi. "Thiraninso wina, tikafike kulikulu ku Tegucigalpa osaima!"

Ana anaseka mpaka ena kukhala pansi. Koma tiana tiwiri ta kalasi yoyamba tinasanza, ndipo ahedi anaitana a zaumoyo.

Kunyumba mlandu unagwera Dilcia. "Watungira m'chigubu cha parafini, iwe! Maso pafoni, manja kuchitsime!" anakalipa amayi ake. Khutu lake linapotokoledwa ngati akusaka siteshoni pa wailesi. Anatsuka zigubu ndi phulusa, ndi mandimu, ndi misozi yomwe. Atatunganso, madzi anatuluka atavala utawaleza pamwamba, akununkha ngati malaya a makaniko.

Chitsimecho anakumba ndi malemu bambo ake, ndipo n'chimene chinkawadyetsa. Kumtunda kwa mpanda kunali pomwetsera mafuta pa a Eulalio, amene anamunyamula Dilcia pa ubatizo. Munthu woteroyo si mnansi wamba ayi. Ndi Padrino, bambo wa ubatizo, ndipo dzina lake sulitchula pamlandu.

Lamlungu Misa itatha, Dilcia anapita kwawoko monga mwa masiku onse. Anapinda manja pachifuwa, nawerama. "Mundidalitse, Padrino."

"Mulungu akudalitse, kamwana kanga," anatero a Eulalio, dzanja lodzaza mphete lili pamutu pake. Atawauza za madzi, anangoseka. "Ndi mvula imeneyo. Uwauze amayi ako aziwiritsa."

Kuseri kwa nyumba anapeza akazi awo, Mayi Hortensia, akutsuka nkhuku ndi madzi ogula a m'botolo lalikulu. Nkhuku yakufa kusamba madzi ogula! Chitsime chawo chinali chomatidwa ndi simenti, ndipo zidzukulu zinadindapo timanja n'kulembapo mwezi: Febuluwale. Apa n'kuti uli Seputembala.

"Munatsekeranji chitsime, Amayi?"

"Aa, si thanki yapansi ija inadyeka ndi dzimbiri? Petulo akungoyenda m'dothi ngati chiswe. Kuifukula ndiye kutseka mapampu mwezi wathunthu, ndiye abambo akuti tidikire kaye. Koma inu anakuuzani kalekale, eti?"

Dilcia anapukusa mutu. Nkhuku inapulumuka m'manja mwa mayiwo n'kugwera m'beseni.

"Sanakuuzeni?"

Miyezi isanu ndi iwiri! Lamlungu lililonse dzanja lija pamutu pake, iye n'kubwerera kukamwa petulo. Anathamangira kwawo mtima ukuwawa, koma amayi ake anamudula asanamalize.

"Tseka pakamwa! Ukufuna tauni yonse izinena kuti mwana wa Reina anapereka Padrino wake? Miseche ya Hortensia ndiye uitengere kuno?"

Lachiwiri m'mawa mayi wa zaumoyo anatsika m'basi ndi timabotolo take. Asanafike pakhomo, a Eulalio anali atalowa kale, atasenza botolo la madzi ogula, thukuta lili kamukamu.

"Mlongo wanga," ananong'oneza Mayi Reina, "mungomuuza kuti ndi parafini wa mwanayu. Mwana samangidwa. Nkhani ithere pompa, ine madzi ndizikubweretserani."

Kenako anatembenukira kwa Dilcia n'kukweza dzanja, kudikira kuti awerame. Manja a Dilcia anangolendewera m'mbali ngati a chidole.

"Dilcia, ulemu!" Zala za amayi ake zinafika pakhutu.

"Potokolani, Amayi. Koma muwafunse mwezi umene walembedwa pachitsime chawo."

Zala zija sizinapotokole. Mayi Reina anayang'ana a Eulalio, a Eulalio anayang'ana nsapato zawo ngati aziona koyamba.

"Ndimati ndikonze zisanafike kuno, mlongo wanga…"

"Mwezi wanji, a Eulalio?"

"Febuluwale."

"Chanu munatseka. Uyu, mwana wanu wa ubatizo, munamusiya azimwa. Ana a eni ake ndawamwetsa ndi manja angawa. Lero mukuti ndimupachike mlandu?" Anasisita khutu lija pang'onopang'ono, kenako anatulukira panja. "Mayi a zaumoyo, lowani! Chitsime chili uku. Thanki ili uko."

Ataifukula thankiyo, inali ngati sefa. Malole anatuta dothi lakuda sabata ziwiri, mapampu anakulungidwa m'mapepala, ndipo zitsime zisanu za m'munsimo zinamatidwa. Cha bambo a Dilcia, a zaumoyo anati chidikire zaka, mwina mpaka Dilcia adzamere imvi. Madzi a bwemba anabwerera pageti, koma tsopano madzi ake anali a pampopi wa kumsika, okankhidwa pa wilibala kukwera chitunda chonse chija.

Lamlungu lina Dilcia akukankha wilibalayo, anakumana ndi a Eulalio pakona pa tchalitchi. Dzanja lawo linakwera lokha, mwa chizolowezi.

"Mwadzuka bwanji, a Eulalio," anatero Dilcia, monga mmene angaperekere moni kwa wogulitsa malasha, nadutsa.

Dzanja linatsala m'malere. Litasowa potera, anakanda nalo dazi lawo.