Sikafutini Yomwe Inamira

Felesita ndiye anayamba kuona madziwo. Unali m'mawa wa Lamlungu, akusesa pakhomo pa chipinda cha bambo ake, ndipo pasitepe panali ponyowa, kunyowa kozungulira bwinobwino ngati pomwe panakhala poto. Ku Bapong mvula inali itasiya kalekale, udzu wonse uli gwaa. Mtsikanayo anawerama n'kununkhiza. Linali fungo la mazira owola losakanikirana ndi ndere. Fungo limenelo ankalidziwa, chifukwa dzulo lake lomwelo anabwera nalo m'masokosi kuchokera kuphiri.

Anathirapo dothi msangamsanga.

Bambo ake, a Goodwell, anali tchona wa ku Mulanje. Anabwera ku Joni ali mnyamata, n'kugwira ntchito pansi pa mgodi mpaka chifuwa chitayamba kulira ngati mvukuto. Mayi a Felesita anamwalira iye akukwawa. Awiriwa ankachita lendi zipinda ziwiri zogundizana, chilichonse ndi chitseko chake, kuseri kwa nyumba ya Mma Kedibone. Kunyumba mtsikanayo anali Fele, wolankhula Chichewa cha bambo ake. Kusukulu anali Felisite basi, wolankhula Chitswana chosalala, ndipo palibe mnzake ankadziwa kumene makolo ake anachokera. Iye sananamepo. Ankangokhala chete nkhani za alendo zikayamba.

Loweruka lija kalasi yawo inapita kokayenda kuphiri lina kumpoto kwa Rustenburg. Aphunzitsi anati phirilo linaphulika moto kalekale, anthu asanakhaleko, pakati pake n'kutsala chidzenje chomwe chinadzaza madzi. A Goodwell atamva za ulendowo anadzuka kusanache. Anaphika mbatata, anakazinga usipa womwe unabwera pa basi kuchokera kumudzi, wotsala womwe ankausunga ngati mankhwala, n'kuika zonse mu sikafutini yawo. Chimenechi chinali chitini cha chakudya chomwe ankalowa nacho mu mgodi, chophwanyikaphwanyika, dzina lawo atalilemba ndi msomali pachivundikiro.

“Iyi yaona pansi pa dziko,” anatero akumupatsa ndi manja awiri. “Lero ikaoneko kumwamba.”

M'basi, asanafike n'patali pomwe, Refilwe, mtsikana wapakamwa wa m'kalasi mwawo, anakweza mphuno.

“Ndani wanyamula nsomba yakufa muno? Fungo la m'nyumba za makwerekwere ili!”

Limeneli ndi dzina lonyozera anthu ochokera kumaiko ena, ndipo basi yonse inaphulika ndi phwete. Felesita anakankhira chikwama pansi pa mpando ndi chidendene. Kenako, kuti asaoneke wosiyana, nayenso anatsina mphuno n'kuseka nawo.

Njira yokwera phiri inali ya miyala yofiira yoterera, minga ikukoka masiketi, anyani akukuwa kutali m'matanthwe. Atafika pamwamba anacheuka n'kuona nsanja za migodi ndi milu yotuwa ya dothi zili ting'onoting'ono ngati zoseweretsa. Kenako onse anatembenukira mbali inayo. Phiri linali ngati mbale yaikulu, ndipo pansi pake panali nyanja yozungulira, yobiriwira, yopanda mtsinje wolowa kapena wotuluka. Anaizungulira m'mphepete mwa phompho mpaka dzuwa lili paliwombo, kenako n'kutsetserekera kumadzi. Kumusiko mphepo kunalibe. Ngakhale mbalame sinalire. Mawu a munthu ankangogwera pamapazi pake pomwepo.

Anzake atakhala pamiyala n'kutulutsa matchipisi ndi masoseji, Felesita anati akukadzithandiza. Analowa kuseri kwa bango. Anatsegula sikafutini, n'kuona momwe bambo ake anandandalikira mbatata, usipa atauika pakati. Anatola mwala, anauika pamwamba pa chakudyacho, anatseka, n'kuponya. Chitinicho sichinalire ngati momwe chinthu chimalirira chikagwa m'madzi. Madzi anangochilandira. Thovu linatuluka pang'ono, basi.

Madzulo bambo ake anamufunsa ngati anakhuta.

“Ndinamaliza zonse, Ababa. Koma sikafutini ndaiwala m'basi. Pepani.”

A Goodwell anamuyang'ana. “Zimachitika, mwanawe,” anatero.

Umu ndi momwe zinayambira, ndipo m'mawa mwake ndi momwe panapezeka ponyowa paja.

Usiku wa Lamlungu tulo sitinabwere msanga. Magetsi anali atathima, moti mdima unalowa m'chipinda n'kukhala pachifuwa pake ngati bulangete lonyowa. Agalu a kwa aneba anauwa, kenako onse anasiya nthawi imodzi. Ndiye anamva. Kuseri kwa khoma, kumene kunali mulu wa njerwa, china chake chinkapala chitsulo. Kwee. Kwee. Chinkapuma ngati chikutafuna, kenako n'kuyambanso. Felesita anafuna kugogoda khoma kuti adzutse bambo ake, koma dzanja linakana. Akadzuka n'kufunsa kuti n'chiyani, ayankha kuti chiyani? Anadziphimba kumutu mpaka tambala analira.

Sanali yekha womva. Patapita masiku, Mma Kedibone anali atakweza bedi lake panjerwa kuti chinthucho chisamufikire, akuuza aliyense pampopi kuti pabwalo pake pakuyenda kanthu kakafupi, kaubweya, ndipo kabwera ndi munthu, sikabwera kokha. Ponena zimenezo maso ankaponya kuzipinda za kuseri. Ena ankati ndi anyamata osuta akufuna zitsulo zokagulitsa. Ena ankati okumba migodi mobisa afika pansi pa nyumba.

Koma chomwe chinamuopsa Felesita si mphekesera. Bambo ake anasiya kudya.

Akawaphikira ankangoyang'ana mbale, n'kunena kuti akhuta. Masaya analowa m'kati. Manja awo ankazizira ngati a munthu wochapa m'mamawa wa mu Juni, ndipo akayasamula, fungo lija la mazira owola linkadzaza chipinda. Kuchipatala anawapima n'kunena kuti chifuwa ndi chomwe chija chakale, palibe chatsopano.

A Hafizu, telala wa ku Mangochi yemwe ankasoka pakhonde la golosale, anabwera kudzawazonda atanyamula malalanje.

“A Gudu, mwayamba kusala inu? Ramadani ndi yathu, musatilande.”

“Ndakhuta, achimwene.”

“Mwakhuta chiyani, mphepo? Kapena pali mayi wina akukuphikirani mobisa? Nenani tikatule nkhani kwa ankhoswe.”

A Goodwell anayesa kuseka, koma chifuwa chinawalanda. Potuluka, a Hafizu anakokera Felesita kuseri kwa chitseko, nthabwala zonse zitatha pankhope.

“Mwanangu, ine machona ndaperekeza ambiri,” ananong'ona. “Tchona akayamba kukana chakudya, timaimbiratu foni kumudzi. Palibe chomwe chawakhumudwitsa? Palibe chomwe ukudziwa?”

Felesita anaona m'maganizo basi ija, zala zake zili pamphuno. Anaona nkhope ya bambo ake ikumva zimenezo pamaso pa mnzawo.

“Palibe, amalume,” anatero akuyang'ana pansi.

“Chabwino. Koma phokoso lija ndalimva nanenso podutsa popita ku swala ya m'mbandakucha. Si khoswe uja. Khoswe sagwira supuni.”

Tsiku limenelo kusukulu sanamve kalikonse. Refilwe anamupatsa switi, iye n'kuilandira mwamanyazi. Madzulo anapeza bambo ake atagona chagada, maso ali kudenga, milomo itatuwa. Anawaitana kawiri asanacheuke.

Kupala kuja kutayambanso, kunja kukuyamba kutuwira, Felesita anadzuka. Mumtima anati ngati chinthucho chabwera kudzatenga munthu, chitenge wolakwayo. Anatsegula chitseko pang'onopang'ono. Kunkazizira. Fungo la nyanja ija linali ponseponse, ngati phiri latsika n'kudzakhala pabwalo. Anayenda chogwira khoma, n'kusuzumira pakona.

Pamulu wa njerwa panakhala munthu atafunda jekete la kumgodi, atapereka msana. Dzanja linkakwera kukamwa, n'kutsika. Kwee.

“Ababa?”

A Goodwell sanacheuke. Anaphimba chomwe chinali pamiyendo pawo ndi dzanja.

“Bwerera ukagone.”

Koma iye anali ataona kale. Sikafutini ija, yonyowa, ndere zitamata m'mbali, madzi akudontha kuchokera pansi pake n'kumayenderera pa nsapato zawo.

“Mwaitenga kuti?”

“Sindinaitenge. Ndinaipeza pasitepe Lamlungu, iwe usanadzuke.” Mawu awo anali otsika, ngati akuopa kudzutsa wina. “Ndinayesa oyendetsa basi abweretsa. Ndiye ndinatsegula.”

Felesita anagwada pafumbi. “Ababa, sindinaiwale m'basi.”

“Ndikudziwa. Chinthu choiwalika sichikhala ndi mwala m'kati.”

Akanamukalipira bwenzi zili bwino. Akanamumenya mbama bwenzi atapeza polirira. Koma iwo anangoyang'ana supuni.

“Sunalawe n'komwe, Fele.”

“Amaseka. Amati fungo la... amati fungo lathu. Ine ndinaseka nawo.”

“Ehe.” Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Ifenso ku mgodi amatiseka. Timadyera kumdima, nyale titathimitsa. Ndimayesa zinatha ndi ife.”

Misozi inatsika yokha. Kenako mtsikanayo anakumbukira chomwe chinamutulutsa panja.

“Nanga mukudyeranji? Chakudya chagona m'madzi chimenecho! N'chimene chikukudwalitsani. Bweretsani ndikataye.”

Anatambasula dzanja, koma bambo ake anafumbatira chitinicho ndi mphamvu zomwe iye sankadziwa kuti adakali nazo.

“Usayerekeze! Iwe unabadwira kuno, sudziwa. Kwathu, munthu ukapeza chakudya chochokera kuphiri, woika wake osaoneka, umadya wekha. Suitana mnzako, suuza munthu, sutaya. Ndipo umamaliza. Osamaliza ndi amene sabwerera.”

“Koma kumeneko ndi ku Mulanje, Ababa. Kuno ndi ku Joni.”

“Phiri ndi phiri. Eni ake sapempha pasipoti.” Anatsokomola mpaka misozi. “Abweza kwa mwini dzina lili pachivundikiro. Ndikakana ine, afunsa kuti anaponya ndani.”

Kummawa kunayamba kufiira kuseri kwa milu ya dothi la mgodi, ndipo kutali takisi yoyamba inaliza hutala.

“Ndiye malizani, tithane nazo,” ananong'ona. “Kachitini kakang'onong'ono aka.”

A Goodwell anachotsa dzanja lija n'kupendeketsa sikafutini kuti kuwala kulowemo.

Inali yodzaza. Mbatata zinali zondandalikidwa bwinobwino, usipa uli pakati, monga momwe zinalili kuseri kwa bango. Panalibe chovunda. Kanthunzi kankatuluka pang'ono.

“Chiyambire Lamlungu ndikudya,” anatero. “Ndikapala mpaka pansi, ndikaphethira, chabwerera. Mphamvu zikutha, mwanawe. Sindikudziwa ngati ndifika nacho.”

Mtsikanayo anayang'ana manja a bambo ake, mitsempha ili poyera, zala zikulephera kugwira supuni. Anadzuka pafumbi paja, n'kukhala panjerwa pambali pawo, phewa kugunda phewa.

“Fele, choka. Sindingakuitane.”

“Simunandiitane. Ndabwera ndekha.”

Anasolola supuni m'dzanja lawo. Iwo anayesa kuikaniza, koma zala zinamasuka zokha. Anatapa mbatata ndi usipa n'kuika m'kamwa. Chinali chofunda, mchere uli wokwanira, kaphikidwe ka bambo ake kenikeni, koma pomeza chinatsika chozizira ngati madzi a pansi pa thanthwe. Anatapanso. Anatapanso kachitatu, misozi ikugwera momwemo.

Kenako anamva bambo ake akukoka mpweya. Anayang'ana m'chitini. Pomwe anatapa panali dzenje, ndipo dzenjelo silinadzaze. Pansi pa chitini pankaoneka, pakuwala.

A Goodwell sanasangalale. Anamugwira pamkono, maso akuyang'ana kupyola mpanda, kumpoto komwe kuli mapiri.

“Chako chikutha,” ananong'ona. “Ndiye kuti eni phiri samadikira ine.”

Felesita anameza, n'kutapanso.