Kamera ya Wongani

Lolemba lija magetsi anabwera mochedwa ku Zolozolo. Amuna anga, a Gideon, anangodya pang'ono n'kukhala pa kompyuta. Eni ukwati wa Loweruka ankafuna vidiyo yawo.

Iwowa amajambula ndi makamera atatu. Kuti zithunzi zidzayendere limodzi pokonza, munthu amawomba m'manja kamodzi makamera onse akangoyatsidwa. Pa kompyuta phokosolo limaoneka ngati kamnga, ndiye umangolunzanitsa timinga titatuto. Wowomba ankakhala mnzawo Wongani, wamanja ngati mafosholo.

Koma Wongani anamwalira Lachinayi, ndipo anamuika ku Nkhata Bay Loweruka lomwelo la ukwati. Sitinapite. Ndine amene ndinati, "Mukawakhumudwitsa anthuwa, adzakuitananinso ndani?" Pakamwa pangapa. Kamera yake a Gideon anangoiimika pa miyendo yake itatu kumbuyo kwa tchalitchi, yopanda munthu. Zowomba m'manja anaiwala.

Usiku anandidzutsa.

"Mayi a Luntha, tabwerani muone."

Pa makamera onse atatu kamnga kanalipo. Anatsegula mawu. Phwa! Kamodzi, m'busa asanayambe pemphero.

"Munawomba ndinu?"

"Ine ndi Elton wa kamera yachiwiri manja anali pa makamera."

Analunzanitsa timingato. Milomo ndi mawu zinagwirizana ndendende. Kenako tinatsegula kamera yachitatu ija.

Akwati akulowa, chithunzi chinayenda nawo. Pang'onopang'ono, mosagwedezeka. Povekana mphete, chinayandikira zala. Ndi mmene Wongani ankajambulira.

A Gideon anachotsa dzanja pa kompyuta.

Kamerayo inasiya akwati. Inadutsa kwaya. Inafika pa a Gideon, inaima kaye. Kenako inawadutsanso. Inandipeza ine pakhomo, nditakolekera chikwama cha mabatire, ndikuseka ndi azimayi. Inayandikira nkhope yanga. Siinachokenso mpaka khadi losungira vidiyo kudzaza.

Manyazi anandigwira kuposa mantha. Sitinagone.

Kutacha tinakwera minibasi yoyamba ya ku Nkhata Bay. Aneba ku Zolozolo amanong'onezana kuti munthu womwalira ntchito ili m'manja amabwera kudzaimaliza. Kaya.

Amayi ake a Wongani tinawapeza pakhonde. Tinagwada. 

"Yewo chomene, mwafika," anatero. "Loweruka tinachedwetsa mwambo mpaka masana. Ndinkawauza anthu kuti dikirani, Gideon ndi mkazi wake ali m'njira."