Makadi Khumi Amene Watipa Anazula

Kunyumba kwa a Ambrose ku Ruaka kunalibe chosowa. Bambowa ankagwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ku Gigiri, ndipo akazi awo, mayi Modesta, ankayang'anira sukulu ya makompyuta imene mpingo unatsegulira achinyamata a ku Kawangware, dera la anthu osauka. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Watipa, anali ku yunivesite, ndipo Loweruka lililonse ndiye ankakonza makompyuta a pasukulupo.

Koma mnyamatayu anali ndi nthenda yake. Kukacha ankangokhalira kutsatira makampani awiri akunja opanga tizipangizo toyendetsa kompyuta ndi makadi oonetsa zithunzi. Ina ikatulutsa khadi latsopano, inzake inkayankha ndi loposa. Ina ikalengeza phindu, masheya a inzake ankatsika. Watipa ankachemerera yake ngati timu ya mpira, mabuku ali gwaa m'chikwama.

"Makampani amenewo ndi a malume ako?" anamukalipira a Ambrose tsiku lina. "Mtima wofuna kulemera msangawu udzakugwetsa m'dzenje."

"Za masiku ano simuzidziwa, adadi," anayankha Watipa, maso ali pafoni.

Amene anamumaliza ndi Gresham, mnzake wa m'kalasi.

"Iwe ukuchemerera ulere," anatero Gresham ali m'matatu, minibasi ya kumeneko. "Lachinayi kampani yakoyo ilengeza phindu. Betcha pafoni kuti masheya akwera, Lachisanu udzuka uli bwana."

"Ndalama ndizitenga kuti?"

"Makompyuta a amayi ako aja ali ndi makadi khumi. Wogula ndikumudziwa m'tauni. Ukapata ukaikamo atsopano. Adziwe ndani?"

Sukulu ya makompyuta ija inali pa tchuthi cha sabata imodzi. Watipa anazula makadi onse khumi, n'kutseka makompyutawo bwinobwino ngati sanakhudzidwe. Makadiwo anakagulitsa m'tauni, ndalama zonse n'kubetchera kampani yake ija.

Lachinayi kampani ija inalengezadi phindu lalikulu. Koma tsiku lomwelo inzake inaonetsa khadi lamphamvu lotsika mtengo, ndipo anthu anathamangira kumeneko. Masheya anagwa, ndalama zonse za Watipa n'kupita. Anaimbira Gresham kasanu. Foni inali yozima.

Lolemba ophunzira atayatsa makompyuta, panali mdima wokhawokha, mayeso atatsala masiku anayi. Akuluakulu a mpingo anaitana apolisi, ndipo amene anatengedwa ndi mayi Modesta, poti makiyi ankasunga ndi iwo. Watipa anamva zonsezi, koma anangodzitsekera m'chipinda chake. Anali mlonda wa pasukulupo amene anaulula kuti anaona Watipa akutuluka ndi chikwama chotupa.

Apolisi atawamasula, mayi Modesta analowa m'nyumba atalusa.

"Ndaswera pa benchi la polisi, anthu akundiloza chala kuti mbava, iwe uli phee muno kudya chakudya changa! Ana aja amabwera wapansi, ena osadya kanthu. Iwe unasowa chiyani? Wawabera amphawi kuti ukaponye kwa anthu olemera kale?"

"Amayi, ndimati ndibweza..."

"Tseka pakamwa! Dzina langa ulibweza? Mayeso a ana aja uwabweza?"

Watipa anagwada n'kugwira miyendo yawo, koma anamukankha. A Ambrose anatenga makiyi a galimoto.

"Vala nsapato. Pamene anakhala amayi ako lero, ukakhalepo ndiwe."

Anamuperekadi okha kupolisi. Mlandu utatha, yunivesite inamuchotsa. Ophunzira asanu ndi awiri analephera mayeso chaka chimenecho, ndipo mayi Modesta sanapondenso pasukulu paja chifukwa cha manyazi. Watipa analapa pamaso pa mpingo akulira, ndipo anamukhululukira, koma palibe anamupatsanso kiyi wa chitseko chilichonse.

Wachinyamata iwe, dyera likakulowa, dzanja lako limayamba kukhudza za eni. Ndipo tsiku limene udzabe, woyamba kulira sadzakhala iwe, adzakhala amene anakukhulupirira.