Kamtengo ka Kafupi

Mtsikanayu onse ankamutchula kuti Kafupi. Analidi wamfupi! Kafupi ankafuna mthunzi wakewake. Pabwalo pawo panalibe mtengo. Panali dzuwa lokhalokha.

Amalume ake ankayendetsa lole. Tsiku lina anamubweretsera njere yolimba gwa.

"Ndaitola kuchipululu," anatero amalume. "Ndi ya mthethe, mtengo waminga. Uipale pamwala, kenako uidzale. Madzi pang'ono chabe, wamva?"

Kafupi anaipala. Anaidzala pafupi ndi mpanda. Inamera! Achimwene ake nawonso anadzala mpapaya.

Mpapaya unakula, unakula, unakula. Koma kamthethe, ayi ndithu. Kanangokhala pomwepo.

"Katengera mwini wake!" anaseka achimwene.

Kafupi zinamuwawa mumtima.

Kenako mvula inasowa. Nthaka inang'ambika. Mpopi unkangodontha. Mpapaya unafota, mpaka unauma. Koma timasamba ta kamthethe tinali tobiriwirabe.

M'mawa wina bambo anati, "Lero ndizula zonsezi. Ka mingaka sikakula. Kakungobaya anthu."

"Chonde bambo, kasiyeni!" analira Kafupi.

Bambo sanamve. Anakoka mpapaya. Unazuka msanga, poti mizu yake inali yaifupi. Kenako anakulunga chiguduli pa kamthethe. Anakoka, kanakana. Anakokanso, kanakana. Achimwene anagwira bambo m'chiuno. Anakoka onse awiri. Chiguduli chinapulumuka, onse pansi khu!

Ngakhale Kafupi anaseka, misozi ili m'maso.

Ndiye Kafupi anakumba pambali pa kamtengo. Anaona muzu. Muzu unapita pansi, pansi, pansi. Mkono wake wonse unalowa m'dzenje. Muzu osatha!

"Bambo, taonani! Kakukula! Kakukulira pansi!"

"Eya," anatero amalume, atatsamira lole yawo. "Mthethe umayamba watsata madzi pansi. Zam'mwamba zimabwera pambuyo."

Bambo anasasa fumbi pa buluku lawo. "Aa, kandigonjetsa. Kakhale."

Amayi anayang'ana mapazi a Kafupi. "N'chifukwa chake nsapato zikukuthina! Nawenso wayambira pansi, mwanawe."

Onse anaseka. Achimwene anathandiza kukwirira dzenje lija.

Kafupi anagona chagada pafupi ndi kamtengo kake. Mthunzi unali waung'ono zedi. Unangophimba maso ndi mphuno.

"Sunthako, nanenso ndikhale nawo," anapempha achimwene.

"Dikirani ukule," anatero Kafupi. "Lero wakwana ine ndekha."